Phunziro la Umoyo wa Banja: Mwana Akacira Koma Akukana Bere ndi Phala

Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndiyo imayesa banja la mlimi kuno ku Chipata. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, udzu wakula m'munda, ndipo kupalira sikudikira munthu. Ndiyo miyezinso imene udzudzu umaswana m'zithaphwi ndi madzi a mvula amakokolera zonyansa m'zitsime, kotero kuti malungo ndi kutsegula m'mimba zimagwira makanda ambiri. Makolo ambiri amacita bwino pa gawo loyamba. Amathamangira ku kiliniki, amalandira mankhwala, thupi la mwana limazizira, ndipo amai amanyamula khasu kubwerera kumunda. Koma mwana amene wangocira kawirikawiri amafulatira bere ndi kulavula phala, ndipo sikelo ya mwezi wotsatira imaonetsa kuti watsika. Phunziro lino likunena za masabata awiri otsatira matenda, pamene mwana ayenera kubweza zimene anataya.

Cifukwa cake mwana amakana

Thupi likatentha limagwiritsa nchito mphamvu zambiri, pamene cilakolako ca cakudya cimacepa. Kutsegula m'mimba kumapweteka matumbo, ndipo amatenga masiku kuti ayambenso kuyamwa bwino zakudya. Palinso zifukwa zina zimene kholo lingazione ndi maso. Mphuno zikatsekeka, mwana sangayamwe ndi kupuma nthawi imodzi, motero amagwira bere n'kulisiya akulira. Zilonda kapena zoyera zomatirira pa lilime ndi m'masaya zimacititsa kuti kuyamwa kuzipweteka. Khutu lowawa limacitanso cimodzimodzi. Nthawi zina mwanayo amakhala atangofooka, ndipo amatopa asanakhute.

Mwana amene sanabweze thupi lake amagwidwanso msanga ndi nthenda ina, ndipo nthenda yaciwiriyo imamutsitsa kuposa yoyamba. Umu ndi mmene kupinimbira kumayambira. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko lathu anali opinimbira. Kupinimbira kumene kwacitika mwana asanakwanitse zaka 2 n'kovuta kukonza pambuyo pake, ndipo kumakhudza ubongo ndi maphunziro ake.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Musanayese njira iliyonse ya pakhomo, yang'anani ngati mwana ali ndi cimodzi mwa izi. Sakutha kuyamwa kapena kumwa ngakhale pang'ono. Akusanza ciliconse cimene walandira. Wakomoka, kapena thupi likuuma ndi kugwedezeka. Wafooka kwambiri moti akuvuta kudzutsa. Pansi pa cifuwa pakulowa mkati akamapuma. M'cimbudzi cake muli magazi. Mapazi onse awiri atupa. Werenganinso mpweya wake kwa mphindi imodzi ali cete: kupuma ka 60 kapena kuposa kwa khanda losakwana miyezi 2, ka 50 kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kwa wa caka cimodzi mpaka zaka 5, ndi kupuma kothamanga. Liwombo likalowa ndi maso akalowa mkati, ndiye kuti madzi atha m'thupi, ndipo zomata pamutu sizingabweze madziwo.

Mukaona cimodzi mwa zimenezi, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Odwala kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Chipata Central, Mwami kapena St Francis ku Katete. Panjira pitirizani kumupatsa bere ngati akutha kumeza.

Mwana wosakwana miyezi 6

Kwa khanda la msinkhu uwu, cakudya ndi mankhwala obwezera thupi ndi mkaka wa m'mabere wokha. Musamupatse madzi, tiyi, phala lamadzi kapena mankhwala a zitsamba. Mkaka uli ndi madzi okwanira ngakhale m'nyengo yotentha ya Okutobala.

Amene munaphunzira za ng'ombe za mkaka mukudziwa kuti ng'ombe ikaleka kukamidwa imauma, ndipo ikamakamidwa pafupipafupi mkaka umaculuka. Thupi la mai limatsata lamulo lomwelo. Mwana akadwala n'kuyamwa pang'ono, mkaka umacepa, ndipo mai amaganiza kuti wauma. Mankhwala ake ndi kuyamwitsa pafupipafupi, kosacepera ka 8 mpaka ka 10 usana ndi usiku. Kuyamwitsa kwa usiku kumathandiza kwambiri kuti mkaka ubwerere.

M'midzi yathu ambiri amanena kuti mwana akakhala tsiku limodzi kapena awiri osayamwa, mkaka umasasa m'bere ndipo ungamudwalitse. Ambuya athu amanena zimenezi pofuna kuteteza mdzukulu, koma mkaka suwola uli m'bere. Ngakhale papite masiku, ndi wabwino, ndipo mwana angayamwe.

Citani motere. Tsukani mphuno za mwana musanamuyamwitse, podonthezamo kadontho ka madzi owiritsa oikamo mcere pang'ono n'kupukuta ndi kansalu koyera. Mufungatireni pacifuwa khungu kukhudza khungu, ndipo mupatseni bere asanayambe kulira kwambiri, makamaka akamadzuka kapena akayamba kuodzera. Finyirani timadontho ta mkaka pamilomo yake kuti alawe. Onetsetsani kuti watsegula pakamwa kwambiri, cibwano cakhudza bere, ndipo walowetsa mbali yaikulu ya pakuda, osangogwira nsonga yokha. Ngati bere lalimba cifukwa ca kudzaza, kamani pang'ono kuti lifewe. Zoyera za m'kamwa zili ndi mankhwala ake ku kiliniki, ndipo musazipale ndi nsalu.

Ngati akulephera kuyamwa cifukwa ca kufooka, sambani m'manja ndi sopo, kamirani mkaka m'kapu yoyera maola atatu alionse, ndipo mumwetseni ndi kakapu kakang'ono. Mukhazikeni mowongoka, gunditsani kapu pa mlomo wa m'munsi, ndipo musiyeni amwe yekha popanda kumuthirira m'kamwa. M'nyengo yotentha mkaka wokama ugwiritsidwe nchito asanathe maola 4. Botolo lipeweni, cifukwa limavuta kutsuka ndipo limazoloweretsa mwana kukana bere.

Ngakhale mwana amene analeka kuyamwa kwa masabata angathe kubwerera ku bere. Mkaka umayamba kubwera patapita masiku ocepa kwa ena, kwa ena masabata angapo. Pa nthawi imeneyo anamwino ayenera kukulangizani za cimene mwana azimwa ndi kumuyeza sikelo pafupipafupi. Amai amene ali ndi kacilombo ka HIV apitirize kuyamwitsa pamodzi ndi kumwa ma ARV tsiku lililonse mosadumphitsa, ndipo asasinthe kadyetsedwe popanda kufunsa ku kiliniki.

Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 2

Pa msinkhu uwu bere likadali lofunika. Bungwe la zaumoyo la WHO limati pakati pa miyezi 6 ndi 12 mkaka wa m'mabere ungapereke theka kapena kuposa la mphamvu zimene mwana amafuna, ndipo m'caka caciwiri umapereka gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwana wodwala amene wakana zonse nthawi zambiri amalola bere. Conco nthawi ya matenda si nthawi yomuletsa kuyamwa.

Mwana wathanzi wa miyezi 6 mpaka 8 amadya ka 2 kapena ka 3 patsiku, kuyambira masupuni aakulu 2 kapena 3 mpaka theka la kapu ya mamililita 250. Wa miyezi 9 mpaka 23 amadya ka 3 kapena ka 4, ndi kacakudya kopepuka kamodzi kapena kawiri pakati. Akacira ku matenda, onjezani cakudya cimodzi patsiku pamwamba pa zimenezi kwa masabata 2, kapena kufikira sikelo itabwerera pamene inali. Masiku oyamba mupatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, cifukwa mimba yake ndi yaing'ono ndipo amatopa msanga.

Phala lamadzi limadzaza mimba popanda kupereka mphamvu. Phala labwino ndi lolimba moti silitayika mukapendeketsa supuni. Phikani ndi ufa wa mgaiwa, ndipo onjezanimo nsinjiro za nshawa, ufa wa soya wokazinga, dzira, kapena kapenta wosinja, pamodzi ndi supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Cibwabwa, bondwe ndi kalembula zophika bwino n'kuzipota zingalowemonso. Maungu, kandolo wofiira mkati, nthoci, papaya, mango ndi kotapela ndi zofewa ndipo ana amazikonda. Pa nsima musamupatse msuzi wokha, koma nyenyani ndiwo zenizenizo, kaya ndi kayera, nsomba kapena ciwindi ca nkhuku.

Ngati mwana akulephera kumeza phala lolimba, musalisungunule ndi madzi. Tengani ufa wa cimera umene mumapangira thobwa, ikani kasupuni kamodzi m'phala likadali lofunda, ndipo takasani. M'mphindi zocepa phala lidzafewa lokha popanda kutaya mphamvu zake. Liwiritseninso pang'ono musanamupatse. Tiyi ndi zakumwa zotsekemera za m'sitolo zimatseka njala popanda kumanga thupi, ndipo uci suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana caka.

Akatsegula m'mimba

Kumana mwana cakudya kuti mimba ipume kumacedwetsa kucira. Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa. Sungunulani paketi imodzi ya ORS, amene timawachula kuti madzi a moyo, mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Clorin. Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsegula, ndi supuni kapena kapu. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso pang'onopang'ono. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Kuyambira caka ca 2004, WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana apatsidwenso mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Amacepetsa masiku a matenda ndi kuteteza mwana m'miyezi yotsatira, conco amalizeni ngakhale kutsegula kwaleka. Mankhwala a malungo a Coartem nawonso amalizidwe masiku onse 3, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi mkaka kapena cakudya ca mafuta.

Kadyetsedwe

Mwana adyere m'mbale yakeyake kuti muone cimene wadya. Mukhazikeni pamwendo, mulankhuleni, ndipo musamufulumize. Akakana, dikirani pang'ono, kenaka yesaninso kapena sinthani cakudya. Kumugoneka cagada, kumutsina mphuno ndi kumuthira phala m'kamwa n'koopsa, cifukwa phala lingalowe m'mapapo n'kuyambitsa cibayo, ndipo mwana amayamba kuopa supuni. Nchito imeneyi isasiyidwe kwa kamtsikana kolera mwana pamene akulu onse ali kumunda. Sambani m'manja ndi sopo, phimbani cakudya ku nchenche, ndipo phala lotsala liwiritsidwenso lisanaperekedwe.

Gawo la atate ndi la munda

Amai sangayamwitse ka 10 patsiku akupalira kuyambira m'mamawa mpaka masana, kenaka kutunga madzi ndi kutola nkhuni. Atate, ambuya ndi apongozi agawane nchitozo kwa masabata awiriwo, ndipo amai adye mokwanira ndi kumwa madzi ambiri. Mizere ingapo ikacedwa kupaliridwa, ganyu kapena thandizo la anansi lingaikonze.

Cakudya ca mwana wa mu Januwale cimakonzedwa pa nthawi yokolola. Cigawo cathu ca Kum'mawa cimadziwika ndi nshawa monga Chalimbana, MGV4 ndi MGV5, ndipo malo ofufuzira za ulimi a Msekera ali pakhomo pathu pomwe. Musagulitse zonse. Sungani thumba la ana losasenda pamalo ouma, ndipo posinja tayani zofota ndi za cuku, cifukwa cuku cimabala poizoni wa aflatoxin amene satha ndi kuphika. Mazira ena a nkhuku azilowa m'phala asanapite ku msika. Cimanga ca olenji cokhala ndi vitamini A, cimene cinayamba kutulutsidwa m'Zambia mu 2012, ndi kandolo wofiira mkati zipatsidwe malo m'munda ndi m'dimba.

Sikelo

Khadi la sikelo ndilo lidzakuuzani ngati mwana wabweza thupi. Mzere ukhale wokwera. Ukagona kapena kutsika, funsani anamwino osadikira mwezi wina. Kwa mwana wa miyezi 6 kupita mtsogolo, tepi yoyezera mkono ikasonyeza pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo afunika cithandizo ca kucipatala. Cakudya ca m'mapaketi cimene adzalandire kumeneko ndi mankhwala ake, ndipo sicigawidwa kwa abale ake. Musaphonyenso Sabata la Umoyo wa Ana, limene limacitika kawiri pacaka, pamene ana amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi kwanu anthu amati ciani za mkaka wa mai amene mwana wake wakhala masiku osayamwa? Mungawafotokozere bwanji ambuya mwaulemu?
2. Chulani zizindikiro 5 zimene zimafuna kupita ku kiliniki tsiku lomwelo.
3. Ndi zakudya ziti za m'munda mwanu zimene zingalowe m'phala la mwana mu Febuluwale, ndipo muyenera kusunga zoculuka bwanji pokolola?
4. Mwana akadwala pa nthawi yopalira, ndani pakhomo panu adzatenga nchito za amai kwa masabata 2?