Mbale zakale za bambo anga: kodi nyimbo zake ndingagulitse?

FUNSO: A loya, malemu bambo anga anabwera kuchokera ku migodi ndi mbale za galamafoni. Zina ndi za Alick Nkhata za m'ma 1950, ina ndi ya Ngozi Family, ndipo pali kaseti ya nyimbo za gule imene anajambula kumudzi. Ndikufuna kuziika pa memore khadi kuti ndizikagulitsa pa Katete boma ndi ku Mkaika nthawi ya Kulamba, zina ndiike pa YouTube. Anzanga akuti nyimbo ikapitirira zaka 50 ilibenso mwini. Kodi ndi zoona? Ndine wowerenga wa ku Sinda.

YANKHO: Bambo, zimene anzanu akuuzani n'zoona mbali imodzi yokha, ndipo mbali imene asiyayo ndi imene ingakufikitseni kukhoti. Mu mbale imodzi muli zinthu ziwiri zimene lamulo limaziwerenga padera. Choyamba ndi mawu ojambulidwa, kutanthauza kulira kwa gitala ndi mawu a woimba monga anagwidwira tsiku lija, ndipo mwini wake nthawi zambiri ndi kampani kapena munthu amene anakonza zojambulazo. Chachiwiri ndi nyimbo yeniyeniyo, mawu ake ndi kaimbidwe kake, imene mwini wake ndi wopeka. Zili ngati pabwinja: nyumba zinagwa, malo aliyense akudutsapo, koma mitengo ya mango imatchulidwabe dzina la amene anaibzala.

Lamulo la Zambia la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limapatsa chilichonse mwa ziwirizi nthawi yakeyake. Mawu ojambulidwa amatetezedwa zaka 50 kuchokera kumapeto kwa chaka chimene anajambulidwa, kapena chimene anatulutsidwa koyamba ngati anatulutsidwa mkati mwa zaka zimenezo. Nyimbo yeniyeniyo imatetezedwa moyo wonse wa wopeka, kuwonjezera zaka 50 kuchokera kumapeto kwa chaka chimene wamwalira. Tiwerengere pamodzi. Mbale ya Alick Nkhata imene inatuluka mu 1955 inamasuka kumapeto kwa 2005, choncho kampani imene inaidinda ilibenso chonena. Koma Nkhata anamwalira mu 1978 ku Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira deralo, ndiye kuti nyimbo zimene iye anapeka zili m'manja mwa olowa chuma chake mpaka kumapeto kwa 2028. Chimbale cha Ngozi Family cha Day of Judgement chinatuluka mu 1976, ndipo zaka zake 50 zimathera pa 31 December 2026. Paul Ngozi, mtsogoleri wa gululi, anamwalira mu 1989, kotero nyimbo zimene anapeka zidzamasuka 2039 ikadzatha. Popeza simungakopere mbale osakopera nyimbo imene ili m'kati mwake, muyenera kudikira kuti nthawi zonse ziwiri zikwane, apo ayi mupemphe chilolezo.

Mwina munganene kuti bambo anu anagula mbalezi ndi ndalama zawo, ndiye ndi zanu. Indedi ndi zanu: muziliza pakhomo, mukhoza kupatsa mlongo wanu, mukhozanso kugulitsa mbale yeniyeniyo kwa wosunga zakale. Chimene bambo anu sanagule ndi ufulu wochulukitsa. Mungatinso makampani a nthawi imeneyo, monga Teal ndi Zambia Music Parlour ya ku Ndola, anatseka kalekale. Kutseka kwa kampani sikufafaniza umwini, chifukwa umwini ndi katundu, umagulitsidwa komanso umasiyidwa kwa olowa m'malo. Umboni wake ndi woti nyimbo zakale za ku Zambia zotchedwa Zamrock zatulutsidwanso ndi kampani ya Now-Again ya ku America, kusonyeza kuti alipo amene akuzilondolabe. Ena amadandaula kuti kudikira kotereku kumapha nyimbo, popeza mbale zimasweka ndipo achinyamata sadzazimva. Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo n'chifukwa chake lamulo linaika malire m'malo mopereka umwini wamuyaya. Koma malirewo anaikidwa poganiziranso mkazi wamasiye ndi ana a woimba, amene kawirikawiri cholowa chawo ndi nyimbo zokhazo.

Kaseti ya gule ija ndi imene ikufuna kusamala kwambiri. Ngati bambo anu ndiwo anajambula, mawu ojambulidwawo ndi a banja lanu, koma nyimbozo si zanu. Kuti wopeka sadziwika sizitanthauza kuti nyimbo ndi yotola. Zambia inakhazikitsa lamulo nambala 16 la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso zamwambo, ndipo maziko ake ndi oti wofuna kupindula ndi zinthu zotere ayambe wapeza chilolezo cha eni mwambo. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, eni ake ndi Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Nyimbo zapabwalo aliyense amazimva, koma zakudambwe ndi zakutsimba sizinaimbidwire msika. Kuzigulitsa pa Mkaika penipeni n'kudziputira mlandu kwa mafumu, khoti lisanamve n'komwe.

Pa YouTube pali vuto lina: nyimbo mukaiika pamenepo imamveka m'maiko a malamulo osiyana. Maiko a European Union anatalikitsa chitetezo cha mawu ojambulidwa kufika zaka 70, pomwe ku America lamulo la 2018 linamasula zojambulidwa chisanafike chaka cha 1923 pa 1 January 2022, ndipo zapambuyo pake zimadikira zaka pafupifupi 100, zina kupitirira. Choncho chomasuka ku Katete chikhoza kutsekedwa kapena kudandaulidwa kwina.

Malangizo anga ndi awa. Tengani mbale iliyonse, mulembe chaka chake, kampani yake, ndi dzina la wopeka, limene kawirikawiri limalembedwa pansi pa mutu wa nyimbo. Ndi mndandanda umenewo pitani ku ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo, mukafunse za chilolezo ndi mtengo wake. Musakopere pa zimbale zimene zakonzedwanso posachedwa, chifukwa amene anazikonza akhoza kukutsutsani. Za kasetiyo, yambirani kwa a nyakwawa a mudzi umene inajambulidwa, iwo akuuzani zoyenera kutuluka ndi zoyenera kukhala m'nyumba. Pakali pano mbalezo zisungeni moimika, pamthunzi, kutali ndi moto, kuti za Nkhata zidzafike 1 January 2029 zikulirabe.