Msunamo, Ndwii ndi Mtima Wosakomedwa: Tikuyankha Makalata Anu

MUULUTSI: Aphunzitsi, kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Dedza. Akuti: "Ndapeza mawu akuti msunamo m'nkhani ina ya Chichewa. Kodi ndi chimodzimodzi ndi chisoni?"

APHUNZITSI: Wafunsa bwino, mwana wanga. Msunamo ndi dzina lochokera ku mneni kusunama, monga msonkhano uchokera ku kusonkhana ndi mpumulo ku kupumula: m- kutsogolo, -o kumapeto. Timati msunamo uwu, msunamo wake. Koma usausokoneze ndi chisoni. Chisoni chimakhala ndi pochokera podziwika: m'bale watisiya, chimanga chapserera ndi dzuwa. Wachisoni amalira, ndipo akalira mtima umapepuka. Wosunama salira, sakalipa. Nkhope yangogwa, nsangala palibe. Mawuwa amagwiranso pa gulu. Ungalembe kuti, "Mvula itakana, pamudzi ponse panali msunamo."

MUULUTSI: Yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Chipata. Akuti: "Ndikakhala chete, apongozi anga amati ndili ndwii, pamene ine ndimakhala ndikukumbukira kwathu. Kodi mawuwo akundiyenera?"

APHUNZITSI: Ayi mayi, sakukuyenerani. Ndwii ndi mvekero, ndipo mkati mwake muli kamkwiyo. Munthu wa ndwii amasungira wina nkhani kukhosi. Kukhala chete kwakeko n'kuyankhula, akufuna wina adziwe kuti walakwa. Zanuzo ndi kusungulumwa, kapena kupukwa kwanu, ndipo mchemwali wanu atatulukira lero mungaseke mpaka madzulo. Palinso kukhumata, kumene timaona pasiwa: namfedwa wakhala pansi, manja ali m'khosi. Auzeni apongozi mwaulemu kuti, "Amayi, sindinakwiye, ndangopukwa kwathu." M'makomo ambiri mumabuka udani chifukwa munthu wosungulumwa anamuyesa wandwii.

MUULUTSI: Kalata yachitatu ndi yolemera. Bambo wina wa ku Ntcheu akuti: "Mng'ono wanga ankakonda bawo, mpira ndi kwaya. Tsopano patha miyezi chilichonse sichimukoma, ngakhale mwana wake akamusekerera. Sanafedwe, sanayambane ndi munthu. Abale akuti ndi mphwayi. Kodi zimenezi dzina lake n'chiyani?"

APHUNZITSI: Bambo, mwachita bwino kulemba, ndipo pano ndiyankha mofatsa. Imeneyi si ndwii, chifukwa palibe amene wamukwiyira. Si mphwayinso, chifukwa wamphwayi amakana khasu koma bawo sakana. Mng'ono wanu wataya ngakhale zimene ankazithamangira yekha, popanda womutuma.

Madokotala a matenda a maganizo ali nawo mawu ake: anhedonia. Anawayambitsa katswiri wa ku France, Théodule Ribot, m'chaka cha 1896, powaumba kuchokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kusowa kwa kukomedwa. Zili ngati m'kamwa mwa munthu amene wadwala malungo: nsima ndi yomweyo, ndiwo ndi zomwezo, koma kukoma kwachoka. Kusiyana kwake n'kwakuti apa chimene chasiya kukoma ndi moyo wonse.

Achipatala akamafufuza matenda a kukhumudwa, amene ambirife timangowatchula kuti nkhawa kapena kuganiza kwambiri, amayamba ndi zizindikiro ziwiri: mtima wokhumudwa, ndi kutha kwa chidwi pa zinthu zimene munthu ankazikonda. Chimodzi mwa ziwirizi chikakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kupitirira, amayang'ananso tulo, kadyedwe, kutopa ndi kudziona wachabechabe. Inu mukunena za miyezi.

N'chifukwa chake ndikupempha abale asiye mawu akuti mphwayi. Dzina limene timapatsa vuto ndi limene limatiuza chochita. Mukati mphwayi mudzamukalipira, mukati ndwii mudzamusala, koma mukati akudwala mudzamuperekeza kuchipatala. Yambani ndi chipatala chachikulu cha boma lanu, mukafunse woona za matenda a maganizo. Pakafunika thandizo loposa pamenepo, kuli chipatala cha matendawa ku Zomba, ndi cha St John of God ku Mzuzu. Matendawa amachizika, ndi uphungu kapena mankhwala, nthawi zina zonse ziwiri.

Pakadali pano musamukakamize kuseka. Khalani naye, idyani naye mbale imodzi, mumufunse mmene akumvera osamudula mawu. Akatchula zoti moyo wamukwana, musamusiye yekha ndipo musadikire mawa. Pitani naye tsiku lomwelo.

MUULUTSI: Bambo a ku Ntcheu, mudzatilemberenso mutiuze mmene mwayendera. Omvera, pitirizani kutumiza makalata anu. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.