Malangizo: Kayalidwe ka Mawu pa Chidziwitso

Kayalidwe ka mawu papepala kamathandiza kapena kulepheretsa munthu kumvetsa uthenga. Mwini chiyankhulo amadziwiratu mawu amene akubwera kutsogolo, choncho ndime yaitali simuvuta kwenikweni. Wophunzira chiyankhulo amawerenga liwu lililonse palokha, ndipo chiganizo chikatalika amaiwala mmene chinayambira.

Motero wolemba chidziwitso cha kuchipatala kapena kusukulu aike mfundo yaikulu poyamba. Chiganizo chilichonse chinyamule mfundo imodzi. Malangizo otsatizana, monga a kamwedwe ka mankhwala, alembedwe m'mizere yokhala ndi manambala. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha zipewedwe chifukwa zimachedwetsa owerenga onse. Mneni wa Chichewa, yemwe amatalika ndi aphatikiri, asadulidwe kumapeto kwa mzere, popeza wophunzira amavutika kupeza tsinde lake.