Ntchito Ili M'chikwama: Zoyenera Kukonza Musanaoloke Songwe

Masiku ano ku Karonga kuli anthu amene ofesi yawo ndi laputopu ndi foni: owerengera ndalama, omasulira zikalata, olemba malipoti a mabungwe. Poti chipata cha Songwe chili pafupi, makilomita ngati 45 kuchokera pa boma, ambiri amanyamuka kukaoda katundu kumsika wa Kariakoo kapena kukatenga galimoto padoko la Dar es Salaam ntchito ili m'manja. N'zotheka ndithu, koma ntchito imakutsatani yokha. Nthawi, nambala ya foni, magetsi ndi ndalama zimasintha mukangooloka mlatho. Nazi zoyenera kuchita.

1. Uzani abwana kapena makasitomala anu

Auzeni tsiku lonyamuka, lobwerera ndi maola amene muzipezeka. Kubisa ulendo kumaululika tsiku limene foni yakana kulira. Dziwaninso kuti ngakhale Mmalawi safuna viza paulendo waufupi wa ku Tanzania, chidindo cha ku Kasumulu, chipata cha mbali ya Tanzania, n'cha mlendo, si chilolezo cholembedwa ntchito kumeneko. Onani masiku amene akulemberani m'pasipoti musanachoke pazenera.

2. Konzani wotchi

Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Msonkhano wa 8 koloko ku Lilongwe umakupezani 9 koloko ku Mbeya, ndipo anzanu akamaweruka 5 koloko, inu yakwana 6. Foni nayo ikakhala m'malire imasintha nthawi yokha malinga ndi netiweki imene yagwira. Chenjeraninso ndi mawerengedwe a Chiswahili: wogulitsa matikiti akati saa moja asubuhi, ndiye kuti 7 koloko m'mawa. Mupempheni alembe nthawiyo patikiti.

3. Musazimitse nambala yakwathu

Banki, Airtel Money ndi Mpamba zimadziwa nambala yanu ya kuno, ndipo manambala achinsinsi otsimikizira malipiro amabwera pamenepo. Musananyamuke, pitani kwa Airtel kapena TNM akutsegulireni roaming. Koma intaneti musagwiritse ya laini imeneyi, imadya mayunitsi ngati chiswe. Gulani simu ya kumeneko, monga Vodacom kapena Halotel, kuofesi yawo yeniyeni. Amalembetsa ndi pasipoti.

4. Tsiku la ulendo si tsiku la ntchito

Kuchoka ku Kasumulu kudutsa Tukuyu mpaka ku Mbeya ndi zitunda ndi makhota. Kuchoka ku Mbeya kufika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 800, kudzera ku Iringa, Mikumi ndi Morogoro, tsiku lathunthu uli pampando. Netiweki imabwera n'kuthawa, laputopu imavina pamaondo, ndipo mnzanu wapambali akuwerenga nawo lipoti la abwana. Tumiziranitu zofunika dzulo lake, ndipo musalonjeze kanthu tsiku lofika.

5. Yesani chipinda musanalipire

Lowani kaye ndi foni m'manja. Imani pamene pali tebulo, muimbe foni ya kanema kwa wina kumudzi muone ngati ikudukaduka. Lowetsani chaja m'soketi. Funsani ngati pali jenereta, chifukwa TANESCO nayo imazimitsa monga ESCOM. Masoketi ambiri ku Tanzania ndi ngati athu. Munthu wozolowera kutentha kwa kunyanja asaiwale juzi: Mbeya ili pamapiri, ndipo mu June ndi July zala zimauma pakiyibodi.

6. Gawani ndalama patatu

Malipiro anu ali m'makwacha koma mukudya m'mashilingi. Funsani kubanki ngati khadi lanu ligwira kunja ndi malire a ndalama zimene mungatape. Sinthani ndalama pamalo ovomerezeka, osati kwa anyamata okuthamangirani pamlatho. Zina zikhale za chakudya ndi malo ogona, zina za bandulo, ndipo za basi yobwerera musazikhudze.

7. Konzekerani tsiku lopanda intaneti

Pa 29 October 2025, tsiku la zisankho, intaneti inazimitsidwa m'dziko lonse la Tanzania kwa masiku angapo. Choncho onani kalendala ya dziko limene mukupita. Sungani mafayilo mulaputopu ndi pafulashi, lembani manambala ofunika m'kope, ndipo siyani mnzanu mmodzi kuno amene angayankhe m'malo mwanu.

Wolankhula Kyangonde savutika ku Kyela ndi ku Tukuyu, poti Chinyakyusa n'chachibale, choncho ulendo woyamba yambirani komweko kapena ku Mbeya kwa masiku ochepa. Mukaona kuti ntchito yayenda popanda wodandaula, ndiye mungaganize za Dar es Salaam. Ngati zina mwa zisanu ndi ziwirizi simunakonze, pemphani tchuthi, laputopu muisiye kunyumba.