Kukonzekera Chisanu: Ntchito za Mwezi wa Meyi

Werengani: Miyambo 31:13-27 ndi Genesis 8:22

Amayi a Chigwirizano, mvula yatha ndipo m'mawa kwayamba kale kuzizira. Pa Miyambo 31:21 timva za mayi amene saopa nyengo yozizira chifukwa anakonzeratu zofunika pa banja lake. Nanga inu mwakonza chiyani?

Choyamba ndi mfutso. Nkhwani, umene kuno timati chibwabwa, ndi khwanya zikadali zanthete, koma pofika Juni masamba adzakhala atakhwima. Thyolani tsopano, muzitsuke, muziwiritse kwa mphindi zochepa chabe ndi kamchere, kenaka muziyanike pathandala, osati pansi pamene nkhuku ndi fumbi zifika. Pamthunzi podutsa mphepo ndi pabwino kuposa padzuwa lamphamvu, popeza masamba sataya mtundu ndi mavitamini ambiri. Mukafinya m'manja n'kufumbutuka, ndiye kuti zauma. Agogo athu ankamanga zikwatu ndi masamba a msuku, koma chitini chouma chotseka bwino chigwiranso ntchito. Ena amati mfutso ndi ndiwo za kumudzi, zosayenera mayi wa m'tauni ya Ndola. Amenewa muwaone mu Okutobala, ndiwo zitakwera mtengo pamsika, akubwera kudzapempha kwa inu. Ndipo pofutsa kumbukirani wamasiye kapena wodwala wa m'dera lanu amene alibe mphamvu zopita kumunda. Mumuikire padera chikwatu chake.

Mapesi a chimanga musatenthe. Moto umapha chonde. Ayaleni pamabedi kuti chinyontho chisathe msanga, kapena muwasanjike m'dzenje ndi ndowe ndi phulusa kuti pofika Novembala mukhale ndi manyowa.

Inu a ku Itawa amene madimba anu ali kumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Kafubu, dziwani kuti usiku mpweya wozizira umatsikira kudambo. Mu Juni ndi Julayi tomato ndi nyemba zikhoza kupserera ndi chisanu kumeneko, pamene repu, kabichi ndi anyezi zimapirira. Fesani zimenezi tsopano. Ngati mwabzala kale tomato, muzimufunditsa udzu madzulo.

Zokambirana pa msonkhano: Kodi ndani mwa ife adziwa kumanga chikwatu, kuti aphunzitse atsikana athu sabata yamawa? Nanga ndi mabanja ati mumpingo mwathu amene chisanu chidzawapeza opanda bulangete?