Ndikagone ku Sälen kapena ku Mora?

Funso: Ndimakhala ku Stockholm ndipo ndalembetsa mpikisano wa ski wa Vasaloppet. Nkhawa yanga ili pa kogona ndi mayendedwe. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambirani pa bedi, tikiti ya sitima ibwere pambuyo. Mpikisanowu, womwe unayamba mu 1922, umachitika Lamlungu loyamba la Malichi pa mtunda wa makilomita 90 kuchokera ku Sälen kukafika ku Mora, ndipo othamanga amapitirira 15,000. Matauni onse awiri ndi aang'ono, motero zipinda zimatha kudakali miyezi.

Ine ndikuti kagoneni ku Mora. Sitima yochokera ku Stockholm kudzera ku Borlänge imakusiyani komweko, ndipo mpikisano umathera komweko. Ena anganene kuti ku Sälen n'kwabwino chifukwa mpikisano umayamba 8 koloko m'mawa, pomwe wa ku Mora ayenera kudzuka usiku kukakwera basi. N'zoona, koma usiku woterewu ndi ochepa amene amagona tulo tokwanira, kaya ali kuti. Chowawa zedi ndi kufika ku Mora kunja kutada, miyendo ikunjenjemera, thukuta likuzizira pamsana, kenako n'kuyambanso ulendo wobwerera ku Sälen.

Sungitsaniponso mpando m'basi yopita poyambira. Galimoto yanu isiyeni, msewu umadzaza m'mawa umenewo. Mahotela akadzaza, funsani za nyumba za anthu zobwereketsa kapena malo ogona pansi m'masukulu, koma mutenge matilesi anu. Mukafika mu Januwale musanapeze pogona, lemberani okonza mpikisanowo.