Cidole ca Mnyamata ndi Cidole ca Mtsikana: Anagawa Ndani?

Mwezi wa December ukayandikira, kholo limene lapeza kangacepe pa malonda a mtedza kapena a thonje lilowa m'sitolo ku Chipata kapena ku Lusaka kuti ligulire mwana kanthu koseweretsa. Wogulitsa asanafunse za msinkhu wa mwanayo, kapena cimene akonda, ayamba ndi funso limodzi: "Ndi wamwamuna kodi, kapena wamkazi?" Mukati ndi wamkazi, akulozerani mbali ya zinthu zapinki, kumene kuli zidole za tsitsi lalitali, timiphika, timbale ndi tigalasi. Mukati ndi wamwamuna, akutembenuzirani ku magalimoto, ndege, mfuti ndi asilikali. Ndipo ife tilipira ndi kutuluka, poyesa kuti ndimo zinakhalira ciyambire.

Koma zoseweretsa zimenezo sizipangidwa kuno. Zambiri zicokera ku mafakitale a ku China, ndipo nzeru ya kuzigawa pawiri inakulira ku America ndi ku Britain. Cotero m'phunziro lino tiyenera kupita komweko, kuti tione m'mene nkhaniyi inayambira.

Za pinki ndi buluu

Pali cithunzi ca m'caka ca 1884 ca mwana wa zaka ziwiri, wobvala diresi loyera, tsitsi lace lofika m'mapewa, ndi cipewa ca nthenga m'manja. Ali yense wocipenya lero adzati ndi mtsikana. Iai, ndiye Franklin Roosevelt, amene pambuyo pace anakhala Pulezidenti wa America. Masiku amenewo ana ang'ono onse, amuna ndi akazi, anabvala zoyera, pakuti nsaru yoyera icapika bwino ingakhale yada cotani.

Mitundu ya zobvala itayamba kusiyanitsidwa, amalonda sanabvomerezane msanga. M'caka ca 1918 magazini ya ogulitsa zobvala za makanda, yochedwa Earnshaw's Infants' Department, inalangiza kuti pinki ayenera mnyamata, popeza ndi mtundu wamphamvu, ndi kuti buluu ayenera mtsikana, popeza ndi wofatsa. Onani, ndico cosiyana ndithu ndi cimene tiuzidwa lero! Kunali ca m'ma 1940 pamene masitolo a ku America anakhazikika pa mwambo umene tiudziwa ife. Mai wina wophunzira mbiri ya zobvala, Jo Paoletti, analongosola zimenezi m'buku lace la m'caka ca 2012. Iye anaonetsanso kuti mwambowo unalimba koposa m'zaka za m'ma 1980, pamene makina a m'cipatala anayamba kuuza makolo ngati mwana wa m'mimba ali mwamuna kapena mkazi. Pakuti pamenepo amalonda anapeza njira ya kugulitsa zapinki ndi zabuluu mwana asanabadwe.

Cimene mabuku a malonda aulula

Ku America kunali kampani yaikuru yochedwa Sears, imene inatumiza caka ndi caka buku la zithunzi za katundu wace ku nyumba za anthu, ngakhale a kumidzi yakutali. Mai wina, Elizabeth Sweet, anasanthula mabuku amenewa a zaka zambiri, nawerenga zolengeza za zoseweretsa zoposa 7,000. Anapeza kuti m'zaka za m'ma 1920 mtsikana anamgulitsa katsache ndi timbale kuti aphunzire kusunga nyumba, ndi mnyamata tizitsulo tomangira milatho ndi makina. Pamenepo palibe codabwitsa. Codabwitsa ndi ici: m'buku la m'caka ca 1975, pa zoseweretsa 100 ziri zonse, zonenedwa poyera kuti nza anyamata okha kapena za atsikana okha sizinakwane ndi 2 zomwe. Munali zithunzi za anyamata akuphika ndi za atsikana akumanga. Koma pofika caka ca 1995 kugawa kuja kunabwerera, kufikira ngati theka la zoseweretsa zonse.

Tsono tifunse: kodi ana anasandulika m'zaka 20 zimenezo? Mwana wobadwa mu 1990 sanabadwe ndi mtima wina wosiyana ndi wa mwana wa mu 1970. Cimene cinasandulika ndi kagulitsidwe. M'caka ca 1984 boma la America linafewetsa malamulo a zoonetsa ana pa wailesi yakanema, kotero kuti makampani anamasuka kupanga tinkhani ta zithunzi timene cifuno cace ceniceni cinali kugulitsa cidole. Anyamata anawapatsa He-Man ndi Transformers, nkhani za nkhondo ndi mphamvu. Atsikana anawapatsa My Little Pony, tiakavalo ta tsitsi lopesa. Pambuyo pace, m'caka ca 2000, kampani ya Disney inasonkhanitsa ana akazi a mafumu a m'nthano zace pansi pa dzina limodzi la malonda, ndipo pinki anadzaza masitolo.

Phindu la wamalonda pa kugawa kumeneku siliri lobvuta kulizindikira. M'banja la ana asanu, njinga yaing'ono imodzi ikhoza kutsika kucokera kwa woyamba kufikira kwa citsiriza. Koma ikakhala yapinki, ya maluwa ndi nkhope ya mwana wamkazi wa mfumu, mlongo wace wamwamuna adzaikana ndi misozi, ndipo atate adzagula yaciwiri. Msika umodzi wasanduka misika iwiri.

Pali nkhani imodzi imene ionetsa bwino ucenjezi wa amalonda. Cidole cochedwa Barbie cinaturuka m'caka ca 1959, copangidwa ndi kampani ya Mattel, ndipo cinagulidwa kwambiri. Kampani yina, Hasbro, inalakalaka phindu lotero pa anyamata, ndipo mu 1964 inaturutsa G.I. Joe, munthu wapulasitiki wobvekedwa ndi kubvulidwa zobvala monga Barbie yemwe. Koma eni ace anakana konse kumchula cidole, podziwa kuti anyamata ndi atate ao adzacita manyazi. Anampangira dzina lina lacilendo lotanthauza munthu wa nchito zamphamvu. Cinthu cimodzi, maina awiri. Ndipo mu 1992 panaturuka Barbie wolankhula, amene mwa mau ace ena anadandaula kuti phunziro la masamu nlobvuta. Akazi ophunzira a ku America anakwiya, ndipo kampaniyo inacotsa mauwo.

Kodi si cibadwa?

Wina mwa inu adzati, "Zonsezo tamva; koma mwana wanga wamkazi palibe anamuuza, anangotola citsononkho nacibereka kumbuyo." Mau amenewo ali ndi coonadi cace, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. M'caka ca 2002 ophunzira awiri, Gerianne Alexander ndi Melissa Hines, anapatsa zoseweretsa kwa apusi, a mtundu womwewo umene utibera cimanga m'minda. Apusi amphongo anacedwa kwambiri pa galimoto ndi mpira, ndi aakazi pa cidole ndi mphika wofiira. (Za mphikawo munthu akhoza kuseka pang'ono, pakuti pusi sanaphikepo ndi kale lonse, kapena unamkopa ndi kufiira kwace.) Mu 2008 ena anayesa anyani a mtundu wina ku America, napeza kuti amphongo anakonda za magudumu, koma aakazi anasewera ndi zonse ziwiri. Ndipo ku nkhalango ya Kibale, ku Uganda, openyerera anyani akuru ochedwa chimpanzee analemba mu 2010 kuti ana aakazi ndiwo ananyamula timitengo kawirikawiri monga mai anyamula khanda, ngakhale amphongo ena anateronso.

Cotero kusiyana kwina kulipo. Koma kusiyana kumeneko kuoneka pamene muwerenga gulu lonse. Sikunena za mwana mmodzi mmodzi. Amuna ambiri atalika kuposa akazi, koma m'mudzi uli wonse muli mkazi wotalika kuposa amuna ena, ndipo palibe amuyesa wolakwa. Ndiponso za mitundu cibadwa sicinena kanthu koonekera. Vanessa LoBue ndi Judy DeLoache anaonetsa mu 2011 kuti makanda osafika zaka ziwiri sasamala za pinki. Ndi pakati pa zaka ziwiri ndi zitatu pamene atsikana ayamba kumfuna ndi anyamata kumthawa. Imeneyo ndiyo nthawi yomwe mwana azindikira kuti iye ndi mnyamata kapena mtsikana, nayamba kusuzumira kwa akuru kuti adziwe za mbali yace ndi ziti. Bokosi la m'sitolo limuyankha msanga, ndi mau okweza.

Cimene citayika

Kusewera ndiyo sukulu yoyamba ya mwana. Wosanja timatabwa ndi kulumikiza tizidutswa aphunzira kuyesa ndi maso, kutembenuza cinthu m'mutu, ndi kuzindikira cifukwa cace khoma ligwa. Ndipo ophunzira apeza kuti ana osewera cotero kawirikawiri acita bwino pa mayeso a nzeru imeneyi, yomwe ifunika pa masamu, pa umisiri ndi pa makina. Wosewera ndi cidole, nacilankhula, nacigoneka, aphunzira mau ndi kuganizira za mnzace. Nzeru zonse ziwiri zifunika kwa munthu ali yense. Mtsikana wotsekeredwa ku timatabwa afika ku sukulu atatsalira pa cinthu cimene anzace anayamba kale, ndipo pamene alephera anthu ati, "Ndiwo akazi." Mnyamata womenyedwa cifukwa ananyamula cidole adzakhala tsiku lina atate, mkazi wace akadwala, khanda lidzakhala m'manja osadziwa kuligwira.

Ndipo goli lolemera liri pa anyamata, ngakhale sitiganizira kawirikawiri. Kampani ya LEGO, ya ku Denmark, imene mu 1981 inalengeza timatabwa tace ndi cithunzi ca mtsikana wonyadira cimene anamanga, koma mu 2012 inaturutsa mtundu wapadera wa atsikana wochedwa LEGO Friends, inafunsa mu 2021 makolo ndi ana pafupifupi 7,000 m'maiko 7. Pa anyamata 100 ali onse, 71 anati aopa kusekedwa akasewera ndi zimene ziyesedwa za atsikana. Mtsikana wokonda mpira masiku ano ambiri amtama. Koma mnyamata wokonda mphika akali kunyozedwa.

Makolo a maiko aja sanakhale cete. Mu 2011 sitolo yaikuru ya zoseweretsa ya ku London, Hamleys, inacotsa zikwangwani zace zapinki ndi zabuluu. Mu 2012 makolo a ku Britain anayamba gulu lochedwa Let Toys Be Toys, lopempha masitolo kuti asanje katundu monga mwa mtundu wace, zomangira pa zokha ndi zidole pa zokha, osalemba kuti nza yani. Masitolo a Target ku America anatsata mu 2015, ndipo LEGO inalonjeza mu 2021 kuleka kugawa kumeneku. Ku Spain boma ndi opanga zoseweretsa anapangana malamulo a kalengezedwe mu December 2022. Ku California lamulo linayamba kugwira nchito mu January 2024, lakuti sitolo yaikuru ya anchito 500 kapena oposa ikhale ndi malo a zinthu za ana osagawidwa; yokana ilipe madola 250 poyamba, ndi 500 ikabwereza. Ena kumeneko anatsutsa lamulolo, nati boma lisalowerere m'kasanjidwe ka sitolo, ndipo mtsutso umenewo uli ndi polemera pace. Koma zindikirani kuti palibe limodzi la malamulo amenewa liletsa mtsikana cidole cace capinki.

Kwathu kuno

Tisanamizire alendo zonse. Ifenso tiri ndi kugawa kwathu. Ku masanje atsikana asinja ndi kuphika, anyamata amanga timisasa ndi kukasaka mbewa. Ng'ombe zadothi ndi galimoto zawaya tiziyesa za anyamata, ndi ciyato ca atsikana. Makolo anatero pokonzera ana nchito za m'mudzi monga zinaliri m'masiku ao. Koma dothi la kudambo liribe cikwangwani, ndipo dzanja lomwe liumba ng'ombe likhoza kuumba kamphika madzulo ace. Ndiponso tiyang'ane bwino: telala wa pakhonde la sitolo, wosoka madiresi a akazi onse a m'boma, kawirikawiri ndi mwamuna, ophika ambiri a m'mahotela ndi amuna, ndipo mbumba imene iumba mbiya yosadontha, ya pakamwa pozungulira bwino popanda coyesera, iri ndi diso lomwe lifunika kwa mmisiri wa makina. Pamene nchito iri ndi malipiro, manyazi a mwamuna pa singano ndi mphika atha msanga.

Galimoto yawaya iyenera kuiganizira pang'ono. Mwana woipanga ayesa utali wa waya, apinda magudumu anai olingana, namanga ciongolero cimene citembenuzadi magudumu akutsogolo. Palibe coseweretsa ca m'sitolo cimene ciphunzitsa zoposa zimenezo, ndipo mtengo wace ndi waya wotola. Koma mlongo wace wa mmisiri wamng'onoyo kawirikawiri aima patali, ali ndi khanda la amace kumbuyo, ndipo akayandikira auzidwa kuti acoke.

Musanakomanenso sabata yamawa, ali yense wa inu apenyerere ana a pakhomo pace madzulo atatu, osawauza kanthu. Muone amene asewera ndi ciani, amene aitanidwa kukagwira nchito masewera asanathe, ndi mau amene akuru kapena ana anzace anena pamene mwana atola coseweretsa ca mbali yina. Mudzabwere nazo zimene mwaona, ndipo amai ayambe ndiwo kufotokoza.